Intaneti pa sitandi ya chionetsero cha zamalonda: chimene chimaitsamwitsa ndi mmene mungaikonzekerere

Tsiku lomanga masitandi pa malo a zionetsero a Chichiri ku Blantyre, m'holo mukakhala akalipentala ndi anyamata opachika zikwangwani okha, intaneti imathamanga. Foni imaonetsa timizere tonse ta netiweki, kanema amatseguka osadikira, makina a POS olipirira ndi khadi la banki amatulutsa lisiti pomwepo. Zipata zikatsegulidwa mawa lake, foni yomweyo pa tebulo lomwelo imalephera kutumiza chithunzi chimodzi pa WhatsApp, timizere tili todzaza. Palibe chimene chawonongeka. Chachuluka ndi zipangizo zolimbirana mpata umodzi. Amene wamvetsa zimenezi amakonzekera mosiyana kwambiri ndi amene akuganiza kuti netiweki yangochepa mphamvu.

Timizere ndi mpata ndi zinthu ziwiri

Timizere ta pa foni timangonena kuti nsanja ya netiweki ikumveka mwamphamvu bwanji pamene mwaimapo. Za kuchuluka kwa anthu amene ali pa nsanjayo, foni sikuuzani. Nsanja nthawi zambiri imagawidwa mbali zitatu, iliyonse kuyang'ana kwake, ndipo mbali iliyonse ili ndi mlingo wa deta umene ingathe kunyamula. Pa 4G, tchanelo cha 20 MHz chokhala ndi maeriyo awiri chimafika pa liwiro la 150 Mbps (mamegabiti pa sekondi) polandira ndi pafupifupi 50 Mbps potumiza. Awa ndi manambala a pa pepala, foni ili pafupi ndi nsanja, popanda chosokoneza. Mlingo umenewu ndi wa onse amene ali mbali imeneyo. Mafoni 300 akamakoka deta nthawi imodzi, aliyense amapeza theka la Mbps. Makampani a mafoni amaika matchanelo angapo pa nsanja imodzi, ndipo pa zochitika zikuluzikulu nthawi zina amabweretsa nsanja yongogwirizira, komabe masamu ake sasintha: chiwerengero cha anthu chikakwera, gawo la aliyense limatsika. Ku Chichiri muwerengerenso kuti Kamuzu Stadium ndi sitolo zikuluzikulu zili pafupi, choncho Loweruka lokhala ndi mpira limalemetsa nsanja za dera lonselo.

Mbali yotumiza ndiyo imayamba kutsamwa. Ndi yochepa kale, ndipo pa chionetsero aliyense akujambula ndi kuponya makanema pa WhatsApp, Facebook ndi TikTok. Tsoka lake, ntchito zambiri za mwini sitandi, monga kuulutsa pompopompo kapena kulankhula ndi kasitomala pa Zoom, zimadalira mbali yomweyo.

Wi-Fi ili ndi vuto lake lapadera. Imayenda ngati bwalo la kwa mfumu: wolankhula ndi mmodzi pa nthawi, ena onse amvetsere ndi kudikira, ndipo wina akamalankhula mokoka mawu, onse achedwa naye. Chipangizo chilichonse chimayamba chamvetsera ngati tchanelo chili chete chisanatumize kanthu. Izi sizikhudza zipangizo za pa rauta yanu (kabokosi kogawa intaneti) zokha. Rauta ya sitandi yoyandikana nanu ikakhala pa tchanelo chomwecho, mukudikirana, ngakhale maina a netiweki ndi mapasiwedi ndi osiyana. Foni yakale kapena imene ili kutali imalankhula pa liwiro lotsika, choncho imadya nthawi yochuluka kutumiza kanthu kakang'ono.

Pa 2.4 GHz pali matchanelo atatu okha amene salowerana: 1, 6 ndi 11. M'holo ya masitandi 100, theka lokha likayatsa MiFi (karauta ka m'thumba kogwiritsa ntchito simu) kapena hotspot ya foni, ndiye kuti manetiweki 50 akugawana matchanelo atatu. Netiweki iliyonse imalengeza dzina lake pafupifupi ka 10 pa sekondi, pa liwiro lotsikitsitsa, kaya pali woigwiritsa ntchito kapena ayi. Kulengeza kokhaku kumadya gawo lalikulu la nthawi munthu asanatsegule tsamba n'limodzi lomwe. Onjezani Bluetooth ya masipika ndi mahedifoni, imene imayendanso pa 2.4 GHz. Izi zinachitikira ngakhale Apple: mu June 2010, Steve Jobs akuonetsa iPhone 4 ku San Francisco, tsamba linakana kutseguka pamaso pa anthu, ndipo iye anauza msonkhano kuti m'chipindamo munali manetiweki a Wi-Fi 570, n'kupempha anthu kuti azimitse.

Matupi a anthu nawo amatchinga. Thupi la munthu lili ndi madzi ambiri, ndipo madzi amamwa mafunde a Wi-Fi. Rauta yoikidwa pansi pa tebulo, kuseri kwa makatoni, imagwira bwino holo ili yopanda anthu, koma gulu likaima mozungulira mphamvu imagwa. Denga ndi zipupa za malata zimabweza mafunde ochokera ku nsanja ya kunja. Ichi n'chifukwa chake sitandi ya pakati pa holo imavutika kuposa ya pakhomo.

Werengani zimene mukufunadi

Musanafunse mtengo kwa aliyense, lembani chipangizo chilichonse chimene chidzafune intaneti, ndi chimene chingachitike itasowa kwa mphindi khumi. Mukatero mudzaona kuti zinthu zimene sizifunika kuima n'komwe, monga kulandira ndalama, zimadya deta yochepa zedi, pamene zimene zimadya kwambiri zambiri mwa izo sizifuna intaneti.

Makina a POS amatumiza makilobaiti ochepa pa malonda amodzi. Chimene amafuna ndi njira yosadukaduka, osati yothamanga. Munthu mmodzi amene akuyankha maimelo, WhatsApp ndi kutsegula masamba akwanira ndi 1 kapena 2 Mbps. Zoom pa chithunzi cha 1080p imafuna 3.8 Mbps potumiza ndi 3 Mbps polandira. Kuulutsa pompopompo pa Facebook kapena YouTube kumafuna 3 mpaka 4 Mbps pa 720p, ndi 6 Mbps kapena kuposa pa 1080p, ndipo liwiro lotumizira limene mwayeza likhale lowirikiza kawiri nambala imeneyi, chifukwa liwiro m'holo limakwera ndi kutsika mphindi iliyonse.

Liwiro limayezedwa mu Mbps koma bandulo imagulidwa mu MB ndi GB, ndipo kuti muchoke pa china kupita pa chinzake mumagawa ndi 8. Kuulutsa pa 4 Mbps kwa ola limodzi kumadya 1.8 GB. Kanema wa 200 MB pa liwiro lotumizira la 2 Mbps amatenga mphindi zoposa 13. TV ya pa sitandi imene ikubwereza kanema wa kampani kuchokera pa YouTube pa 5 Mbps imadya 2.25 GB pa ola, ndiye kuti 18 GB pa tsiku la maola 8. Kumeneku n'kuononga ndalama ndi mpata, chifukwa kanema yemweyo akhoza kuseweredwa pa fulashi. Mndandanda wa mitengo, zithunzi za katundu, mabuku a PDF, zonse zikhale pa laputopu kapena tabuleti. Amene akuonetsa pulogalamu ya pa kompyuta aiike pa laputopu yomweyo kuti iziyenda popanda intaneti, ndipo ajambuliretu kanema woonetsa mmene imagwirira ntchito. Kuonetsa pulogalamu kudzera pa intaneti ya m'holo, nduna kapena bwana wa kampani yaikulu ataima pamaso panu, ndi juga yosafunika.

Kupereka Wi-Fi yaulere kwa alendo kumamveka ngati njira yokopera anthu, koma nthawi zambiri sikupindula. Foni ikangolowa pa Wi-Fi imayamba kutumiza zithunzi zake zonse ku Google Photos kapena iCloud ndi kukonzanso mapulogalamu ake. Alendo 20 akhoza kumaliza bandulo ya sabata masana amodzi.

Njira zobweretsera intaneti pa sitandi

Yodalirika kuposa zonse ndi kebulo. Deta ya mu kebulo silimbirana mpata ndi mafoni a m'holo. Ngati okonza chionetsero, monga bungwe la amalonda la MCCCI ku Chichiri kapena oyang'anira malo a misonkhano a BICC ku Lilongwe, angathe kukufikitsirani kebulo pa sitandi, yambani ndi imeneyo, koma funsani mafunso molemba. Akati 20 Mbps, kodi ndi ya sitandi yanu yokha kapena yogawana ndi holo yonse? Kodi ndi 20 polandira ndi potumiza pomwe? Zipangizo zingati zikuloledwa? Kodi mukuloledwa kulumikizapo rauta yanu? Adiresi ya IP (nambala imene chipangizo chimapatsidwa pa netiweki) imabwera yokha kapena adzakupatsani manambala oti mulembe pamanja? Kebulo idzatulukira ngodya iti ya sitandi? Zipangizo zawo zili pa batire magetsi akathima? Ndipo Loweruka masana zikavuta, muimbira ndani? Funso loyambalo ndilo lalikulu. Intaneti ya 5 Mbps yanuyanu imaposa ya 50 Mbps yogawana ndi masitandi 80.

Pamene kebulo ya pamalopo palibe, kampani yogulitsa intaneti ikhoza kukukokerani yongogwirizira, kaya ya faiba kapena ya wailesi yolunjikitsa kuchokera pa nsanja yawo. Ya wailesiyi imafuna kuti mbale ya pa nsanja yawo ndi ya pa malo a chionetsero zizionana popanda mtengo kapena nyumba pakati, imafunanso chilolezo cha eni malo chokhomera chitsulo pa denga. Yambani kukambirana kutatsala milungu inayi kapena isanu ndi umodzi. Masitandi atatu kapena anayi oyandikana akhoza kusonkherana.

Njira imene ambiri amatenga ndi rauta ya 4G. Apa pali kusiyana pakati pa MiFi ya m'thumba ndi rauta ya pa tebulo. MiFi zambiri zimalandira zipangizo pafupifupi 10, zilibe polowetsa kebulo, zambiri zimaulutsa pa 2.4 GHz pokha, ndipo zikakhala pa tchaja tsiku lonse m'holo yotentha zimatentha n'kuyamba kudula. Hotspot ya foni ili ndi mavuto omwewo kuphatikiza ena awiri: foni ikaitana deta imatha kuima kapena kutsika, ndipo mwini foni akapita kukadya nsima intaneti ya sitandi imapita naye. Rauta ya pa tebulo yokhala ndi mabowo a kebulo, Wi-Fi ya 5 GHz ndi polumikizira eriyo ya kunja ndiyo yoyenera.

Malo oika rautayo musasankhe ndi maso. Lowani pa tsamba lake loyendetsera, muone manambala awiri. RSRP ndi mphamvu ya netiweki: -80 dBm ndi yabwino, -100 ndi yofooka, -110 ndi yovutikira. SINR imanena kuti netiweki ikumveka bwino bwanji pakati pa phokoso: kuposa 13 dB ndi bwino, pansi pa 5 muyembekezere mavuto. Kusuntha rauta mita imodzi kapena kuikweza pamwamba pa chipupa cha sitandi kumatha kusintha manambalawa kwambiri. Ngati pabwino pali pa windo kapena pakhomo la holo, ikani rautayo komweko, mukoke kebulo ya netiweki kubwera pa sitandi. Kutalikitsa chingwe cha eriyo sikuthandiza, chifukwa chikapitirira mamita asanu chimadya mphamvu imene eriyoyo yawonjezera, pamene kebulo ya Cat5e kapena Cat6 imanyamula deta mpaka mamita 100 osataya kanthu.

Khalani ndi masimu a makampani awiri, Airtel ndi TNM, onse olembetsedwa kale ndi chitupa cha unzika ndipo onse ali ndi bandulo. Dziwani kuti makampani awiri satanthauza njira ziwiri zosiyaniratu. Nsanja za Airtel Malawi zinagulidwa ndi Helios Towers mu 2022, kampani imene ntchito yake ndi kubwereketsa nsanja imodzi kwa makampani angapo, choncho zimatheka kuti zida za makampani awiri zili pa chitsulo chimodzi ndi magetsi amodzi. Kebulo pamodzi ndi 4G, kapena Starlink (intaneti ya setilaiti) pamodzi ndi 4G, n'kotetezeka kuposa masimu awiri. Onaninso mtundu wa bandulo. Ya WhatsApp kapena Facebook yokha siyendetsa POS kapena imelo, ndipo mabandulo ena amatsitsa liwiro mukapyola mlingo wina.

Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, imadumpha vuto la nsanja yodzaza, koma mbale yake imafuna kuona thambo lotseguka. Pansi pa malata kapena pansi pa mtengo sigwira. Imayenera masitandi a panja, ngati a mathirakitala ndi mapampu pa chionetsero cha zaulimi. Kwa amene ali mkati mwa holo, mbale ikhale kunja, pamalo pamene eni malo avomereza ndipo pali woiyang'anira, kebulo ndiyo ilowe. Pulogalamu ya Starlink ya pa foni ili ndi poyezera zotchinga pogwiritsa ntchito kamera. Mbale yaikulu imadya mawati 75 mpaka 100, ya Mini 25 mpaka 40. Onetsetsani kuti pulani yanu ikulola kuisuntha, chifukwa ya panyumba imamangiriridwa ku adiresi imene munalembetsa. Mitundu ina imafuna adaputala yapadera kuti mulumikize kebulo. Ndipo Wi-Fi ya rauta yake ili m'mpikisano womwewo wa matchanelo ngati ina iliyonse.

Kulumikiza pa sitandi, ndi pamene anthu amalakwitsa

Chilichonse chimene sichiyenda chilumikizidwe ndi kebulo: laputopu yoonetsera, TV, purintala, kompyuta youlutsira. Switch (kabokosi kochulukitsa mabowo a kebulo) ya mabowo asanu kapena asanu ndi atatu, makebulo afupiafupi angapo, imodzi yaitali ya mamita 20, ndi adaputala ya USB ya malaputopu opanda bowo la kebulo, zakwana. Kebulo yodutsa pamene anthu amaponda imatidwe ndi tepi yolimba kapena idutse pansi pa kapeti, ndipo isapindidwe mwamphamvu pa ngodya kapena kupanidwa ndi mwendo wa tebulo.

Kulakwitsa kumene kumagwetsa holo yonse n'kolowetsa kebulo ya eni malo m'bowo la LAN (lolumikizira zipangizo zanu) la rauta yanu m'malo mwa la WAN (lolandirira intaneti yochokera kunja). Rauta iliyonse imagawira maadiresi zipangizo zimene zili kumbali yake ya LAN. Mukalowetsa kebulo ya holo kumeneko, rauta yanu imayamba kugawa maadiresi kwa masitandi ena, ndipo aliyense amene walandira adiresi kwa inu amatumiza deta yake ku rauta imene ilibe kopita nayo. Anthu amangoona kuti alumikizidwa koma palibe chikutseguka, ndipo amisiri amatha ola akusakasaka gwero. Bowo la WAN nthawi zambiri limakhala ndi mtundu wosiyana ndi enawo.

Kwachiwiri n'kulowetsa mbali zonse ziwiri za kebulo imodzi mu switch yomweyo, zimene zimachitika wina akamakonza pa tebulo n'kuona kebulo ikulendewera. Uthenga umayamba kuzungulira osatha n'kumachulukana, ndipo m'masekondi ochepa netiweki yonse imaima. Chizindikiro chake ndi timagetsi tonse ta pa switch kuphethira mofulumira nthawi imodzi.

Kwachitatu n'kufanana kwa maadiresi. Marauta ambiri amabwera ali pa 192.168.0.1, 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1. Netiweki ya holo ikakhala pa manambala omwewo, rauta imasokonezeka kuti kunja ndi kuti, mkati ndi kuti. Sinthiranitu yanu mukadali ku ofesi, muiike pa nambala yosazolowereka ngati 192.168.73.1.

Pa Wi-Fi yanu, gwiritsani ntchito 5 GHz, kumene kuli matchanelo pafupifupi 20 osalowerana ndipo mafunde ake safika patali, zimene m'holo ndi mwayi. Ikani kukula kwa tchanelo pa 20 MHz. Marauta ambiri amabwera ali pa 80 MHz, kumene ndi kutenga matchanelo anayi nthawi imodzi, ndipo pamalo odzaza ndiye kuti mukudikirana ndi anansi ochuluka kanayi. Matchanelo 36 mpaka 48 ndi osavuta. Oyambira pa 52 mpaka 140 amagawana ndi zida za radar, choncho rauta imayamba yamvetsera kwa mphindi imodzi kapena kuposa isanaulutse, ndipo ikamva radar imasamuka yokha n'kudula onse. Pulogalamu yoonera matchanelo pa foni ya Android imakuonetsani chimene chili ndi anthu ochepa, koma muyang'ane anansi atayatsa zawo. Tsitsani mphamvu youlutsira. Sitandi ya mamita atatu mbali zonse sifuna rauta yomveka mpaka kumsewu, ndipo kukweza mphamvu kumangochititsa kuti mnansi akwezenso yake. Rauta ikhale pamwamba pa mitu ya anthu, mamita awiri kapena awiri ndi theka, kutali ndi zitsulo ndi kuseri kwa TV. Kubisa dzina la netiweki sikuchepetsa phokoso, rauta imalengezabe. Ngati palibe chipangizo chofuna 2.4 GHz, izimitseni. Koma yang'anani kaye, chifukwa makina ambiri a POS ndi timapurintala ta malisiti timadziwa 2.4 GHz yokha.

Wi-Fi ya eni malo ili ndi misampha yake. Yambiri imatsegula tsamba loti mulembe dzina kapena nambala musanalowe. Foni ndi laputopu zimadutsa, koma POS, purintala ndi ma TV ena alibe potsegulira tsambalo, ndiye amangokhala olumikizidwa opanda intaneti. Njira yake n'kupereka adiresi ya MAC (nambala yachibadwa yozindikiritsa chipangizo) ya chipangizocho kwa amisiri kuti achilole. Mafoni a Android 10 ndi iOS 14 kupita m'tsogolo amabisa adiresi yawo yeniyeni ya MAC, choncho zimitsani zimenezo pa netiweki imeneyo musanalembetse. Chinanso, Wi-Fi ya gulu imaletsa zipangizo kuonana, pofuna chitetezo. Ichi n'chifukwa chake tabuleti imalephera kupeza purintala kapena kuponya chithunzi pa TV ngakhale zonse zili pa netiweki imodzi. Zoterezi zimafuna rauta yanuyanu. Oulutsa pompopompo afunsenso ngati doko (port, khomo la deta pa netiweki) la 1935 ndi lotsegula, chifukwa mapulogalamu ena oulutsira amadutsira pamenepo.

Ndalama

Airtel Money pa *211# ndi Mpamba pa *444# sizidalira bandulo kapena Wi-Fi. Zimadutsa m'njira imene foni imalankhulirana ndi nsanja, ndiye nthawi zambiri zimagwira intaneti itatsamwa. Komabe nsanja ikadzaza kwambiri zimadula munthu asanamalize kulemba PIN, ndipo uthenga wotsimikiza umachedwa. Apa ndi pamene akuba amalowera ndi uthenga wabodza. Wogulitsa asakhulupirire uthenga wa pa foni ya wogula, aone pa foni ya sitandi kuti ndalama yalowadi.

Za POS, funsani banki yanu pasadakhale ngati makinawo ali ndi simu, ya kampani iti, komanso ngati angathe kulowa pa Wi-Fi kapena kebulo simuyo ikakana. Vuto lodziwika ndi lakuti pempho lapita ku banki, ndalama yadulidwa, koma yankho lasochera pobwerera, ndiye makina akuti zakanika pamene kasitomala walandira uthenga woti walipira. Musasuwaipe kachiwiri msanga. Sindikizani lisiti la malonda omaliza kapena onani mndandanda wa m'makinamo, ndipo lembani nthawi, ndalama ndi nambala ya malondawo m'kope. Kope lomwelo, kapena fomu ya pa tabuleti yosunga zolemba popanda intaneti, ndi lolembamo maina a makasitomala atsopano.

Mainawo ndi manambala a mafoni ndi zinthu zimene lamulo la Data Protection Act la 2024 limateteza, ndipo woyang'anira lamuloli ndi MACRA. Auzeni anthu chimene mukuwalembera, ndipo kope lisakhale poyera pa tebulo. Rauta ikhale ndi chitetezo cha WPA2 kapena WPA3, pasiwedi yolowera pa tsamba loyendetsera isinthidwe kuchoka pa imene inabwera nayo, ndipo POS isakhale pa netiweki imodzi ndi alendo. Munthu aliyense akhoza kuyatsa hotspot n'kuitcha dzina lofanana ndi la Wi-Fi ya chionetsero, choncho dzina lenileni mulitenge kwa okonza.

Magetsi

Intaneti ya pa zionetsero imafanso ndi magetsi. ESCOM ikathimitsa, jenereta imatenga masekondi angapo kapena mphindi kuti inyamule, ndipo rauta imene yazima imafuna mphindi imodzi mpaka zitatu kuti ibwerere pa netiweki. Marauta onse a m'holo amadzuka nthawi imodzi n'kusankhanso matchanelo, ndiye chisokonezo chimapitirira magetsi atabwera kale.

Rauta imadya mawati 10 mpaka 15 basi. UPS (chipangizo cha batire chopereka magetsi akathima) ya 650 VA nthawi zambiri ili ndi batire la 12 V, 7 Ah, ndiye kuti 84 Wh pa pepala, koma zogwiritsika ndi pafupifupi theka. Pa rauta ndi switch zokha ikhoza kukufikitsani ola limodzi kapena awiri. Mukalumikizapo TV ya mawati 80, ndi mphindi zochepa. Ka UPS kakang'ono kopereka 12 V molunjika ku rauta kamakhalitsa kuposa pamenepo chifukwa sikataya mphamvu posintha magetsi, bola mutsimikize kuti mavoti ndi kukula kwa pulagi zikugwirizana ndi rauta yanu. Pulagi ya mano atatu ili ndi fyuzi ya 13 A, imene pa 230 V ndi mawati pafupifupi 3,000. Ketulo imodzi imadya 2,000. Masitandi angapo nthawi zambiri amagawana buleka imodzi, choncho tiyi wa mnansi akhoza kuzimitsa rauta yanu.

Mukapita kunja

Ku chionetsero cha ZITF ku Bulawayo, ku chionetsero cha ku Ndola, ku FACIM ku Mozambique kapena m'maholo akuluakulu a ku Johannesburg ndi Durban, werengani buku la malamulo a oonetsa katundu mukangolilandira. M'maholo ambiri akuluakulu intaneti imagulitsidwa ndi kampani imodzi yokha yovomerezedwa, pa fomu yokhala ndi tsiku lotsekera, ndipo kuitanitsa mochedwa kumakwera mtengo. Ena amaletsa kubweretsa rauta yanu, kapena amafuna kuti muilembetse kuti akupatseni tchanelo. Chifukwa chake n'chomveka, poona za matchanelo atatu aja, ngakhale kuti malonda alimonso. Ku America nkhaniyi inafika kwa boma: mu 2014 bungwe la FCC, loyang'anira za mauthenga m'dzikolo, linalipiritsa Marriott 600,000 dollars chifukwa chotsekereza mahotspot a anthu pa malo a misonkhano a Gaylord Opryland ku Nashville, ndipo mu 2015 Smart City, kampani yopereka intaneti m'maholo a misonkhano, inalipira 750,000 dollars pa mlandu wofanana. Lamulo limenelo ndi la kumeneko, kwina mumatsata zimene munasainira.

Gulani simu ya dzikolo, chifukwa deta ya roaming ndi yodula. Ku South Africa simu imalembetsedwa pansi pa lamulo la RICA, choncho pasipoti ndi umboni wa kumene mukugona zikhale pafupi. Simu ya kumudzi ikhalebe mu foni kuti muzilandira manambala achinsinsi ochokera ku banki. Rauta imene munagula ku kampani ya mafoni ikhoza kukhala yokhomedwa kuti isalandire simu ina, iyeseni musananyamuke. Masoketi a ku South Africa ndi Mozambique ndi a mano obulungira, ndiye tengani adaputala imodzi yolimba ndi ekisitenshoni ya kwathu.

Kuyesa

Mangani zonse ku ofesi kutatsala sabata, monga mmene zidzakhalire pa sitandi, ndipo kebulo iliyonse muilembe dzina mbali zonse ziwiri. Malizani zokonzanso za Windows ndi za mafoni pa intaneti ya ku ofesi, kenako muuze Windows kuti netiweki ya pa sitandi ndi yolipira pa mlingo, ndi kuimitsa OneDrive, Google Drive ndi zina zotumiza mafayilo zokha. Laputopu imodzi yokoka zokonzanso za magigabaiti angapo imatha kutsamwitsa sitandi yonse m'mawa wa tsiku lotsegulira.

Njira yachiwiri imene simunaiyese musaiwerengere. Zulani kebulo yaikulu makina akugwira ntchito, muone ngati rauta ikusamukira pa simu, ndi masekondi angati, komanso ngati POS ikubwerera yokha kapena ikufuna kuzimitsa ndi kuyatsanso. Zimitsani soketi muone ngati UPS yanyamula. Pa malo a chionetsero yezani liwiro katatu: tsiku lomanga, m'mawa zipata zisanatsegulidwe, ndi masana anthu atadzaza. Nambala ya masanayo ndiyo yokonzera ntchito. Poyeza yang'ananinso ping, nthawi imene deta imatenga kupita ndi kubwerera: pansi pa 100 ms (mamilisekondi) Zoom imayenda bwino, ikamadumpha kufika mazana angapo mawu amadukaduka ngakhale liwiro likuoneka lokwanira. Kuyeza kumodzi pa Speedtest kumatha kudya ma MB makumi angapo kapena kuposa, musakuchite mphindi iliyonse.

Mafayilo akuluakulu atumizidwe m'mawa kwambiri kapena madzulo anthu atatuluka. Pepala limodzi lokhala ndi dzina la netiweki, nambala ya mmisiri wa eni malo, nambala ya banki ya za POS ndi ndondomeko yosinthira ku simu yachiwiri limatidwe mkati mwa kabati ya sitandi, kuti amene watsala yekha masana athe kuchita popanda kuimbira bwana.